Galimoto ya hybrid ikayamba kumwa mafuta ambiri m'nyengo yozizira

Funso: Ndili ndi galimoto ya hybrid imene m'miyezi yotentha inkayenda makilomita pafupifupi 22 pa lita imodzi ya petulo. Chiyambireni kuzizira, moti m'mawa ndikumapeza madzi ataundana pagalasi, yatsika kufika pa makilomita 16, ndipo injini ikumangolira ngakhale nditaima pa maloboti pomwe kale inkazima yokha. Maulendo anga ambiri ndi aafupi, opita kuntchito ndi kubwerako. Mnzanga wina akuti batire lalikulu latha, wina akuti vuto ndi petulo, ndiyambe kuthira wa octane yokwera. Kodi ndimvere uti?

Yankho: Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha funso lanu. Mwatchula zinthu zitatu zimene zikundithandiza kukuyankhani mosakayika: kuzizira kofika poundanitsa madzi, maulendo aafupi, ndi injini imene yasiya kuzima pamalo pomwe inkazima kale. Zitatuzi zikakumana, galimoto ya hybrid (yoyendera injini ya petulo pamodzi ndi mota yamagetsi) yopanda vuto lililonse imachita ndendende zimene yanuyo ikuchita. Choncho musathamangire kugula batire lina, ndiponso musawononge ndalama pa petulo wa octane yokwera ngati buku la galimoto yanu silikulamula zimenezo. Chimene chikutha mafuta anu ndi kutentha kumene galimoto ikuyenera kupanga m'mawa uliwonse, ndipo m'galimoto ya mtundu wanuwu kutenthako kulibe kwina kochokera koma ku petulo.

Tione kaye ngati kutsika kwanuko kuli kwachilendo. Kuchoka pa 22 kufika pa 16 ndi kutsika kwa pafupifupi 27 peresenti. Nthambi ya boma la United States yoona za mphamvu, Department of Energy, imanena kuti poyenda m'tauni kunja kutazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro, galimoto wamba ya petulo imayenda mtunda wochepa ndi pafupifupi 15 peresenti pa lita iliyonse poyerekeza ndi tsiku la madigiri 25, ndipo ulendowo ukakhala waufupi, wa makilomita 5 kapena 6, kutsikako kumatha kufika 24 peresenti. Kwa magalimoto a hybrid nthambi yomweyi imapereka chiwerengero cha pakati pa 30 ndi 34 peresenti. Zanuzo zili mkati mwa zimene tingayembekezere kwa munthu woyenda maulendo aafupi m'mawa wozizira chotero.

Injini ina iliyonse, kaya ili m'galimoto ya hybrid kaya m'galimoto wamba, inapangidwa kuti izigwira bwino ntchito madzi ake oziziritsira akafika madigiri pafupifupi 90, ndipo isanafike pamenepo imakhala yowononga mafuta. Petulo sayaka ali madzimadzi, amayenera kusanduka nthunzi kaye n'kusakanikirana ndi mpweya. Zitsulo za mkati zikakhala zozizira, gawo lina la petulo wofayiridwa mu injini limangomata m'makoma osasanduka nthunzi, ndiye kompyuta ya galimoto imawonjezera mlingo wa mafuta kuti amene asanduka nthunziwo akwane kuyaka. Pa nthawi yomweyo oyilo wa mu injini ndi wa m'magiya amakhala atakhuthala, girisi wa m'mabering'i a mawilo naye atalimba, moti mphamvu yambiri imathera pa kuzunguza zitsulo zokhazokhazo galimoto isanasunthe n'komwe. Palinso chipangizo chotsuka utsi chotchedwa catalytic converter, chimene chimakhala pa paipi ya ekizozi ndipo sichiyamba ntchito yake chisanatenthe kufika madigiri 250 mpaka 300. Popeza malamulo oletsa kuipitsa mpweya amafuna kuti chitenthe msanga, kompyuta imakweza dala liwiro la injini ndi kuchedwetsa moto wa mapulagi kuti utsi uzituluka wotentha kwambiri. Mafuta amenewo amapsa popanda kukuyendetsani ngakhale mita imodzi.

Mfundo imene anthu ambiri saiona ndi yakuti mafuta otenthetsera injiniwa amalipiridwa kamodzi pa ulendo uliwonse woyamba injini ili yozizira, ndipo kuchuluka kwake sikusintha kwenikweni kaya mukupita pafupi kaya kutali. Munthu woyenda makilomita 50 amawagawa pa makilomita onsewo, ndipo sawazindikira. Woyenda makilomita 5 amawasenza onse pa kamtunda kochepako, kutanthauza kuti pa kilomita iliyonse akulipira kuchulukitsa kakhumi poyerekeza ndi mnzake uja, ndipo nthawi zambiri amafika kuntchito n'kuzimitsa galimoto injini itangoyamba kumene kutentha. Madzulo poweruka amaipeza itazizira, n'kuyambiranso kulipira. Kwa inu bambo, ichi ndiye chachikulu pa zonse.

Nanga n'chifukwa chiyani hybrid imavutika kuposa galimoto wamba? Chinsinsi cha hybrid posunga mafuta m'tauni ndi chakuti injini yake imakhala yozima nthawi yochuluka: pa maloboti, pa mzere wa magalimoto, potsetsereka, ndiponso poyenda pang'onopang'ono pomwe mota yamagetsi imakwanitsa yokha. Koma hita imene imakutenthetsani m'kati mwa galimoto imatenga kutentha kwake ku madzi a injini. Madziwo amadutsa m'karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo fani imauzira mpweya kudutsa pamenepo kupita kwa inu. M'galimoto wamba kutentha kumeneku n'kwaulere, chifukwa injini imakhala ikulira nthawi zonse ndipo imataya kutentha kochuluka kuposa kofunika. M'galimoto ya hybrid, injini ikazima madzi aja amayamba kuzizira, hita nayo ikuwalanda kutentha, ndipo akatsika kufika pa mlingo wina kompyuta imalizanso injini ngakhale batire lili lodzaza ndipo galimoto yaima chilili. Pamenepo injini sikuliranso kuti ikuyendetseni, ikulira kuti ikufunditseni.

Mungathe kudzionera nokha zimenezi mawa lomwe. Mukayenda mphindi zingapo n'kuima pa maloboti injini ikulira, zimitsani hita kotheratu, fani yake ndi zonse, n'kumvetsera. M'magalimoto ambiri a hybrid injini imangoti zii pasanathe masekondi ochepa, ndipo mukayatsanso hita siichedwa kudzuka. Zikachitika chonchi, mwapeza yankho la funso lanu popanda kulipira makaniko aliyense, chifukwa batire lakutha silingachititse kuti injini izimvera batani la hita.

Chodabwitsa n'chakuti ubwino womwe wa injini za hybrid ndi umene umakulitsa vutoli. Zambiri mwa izo zimagwiritsa ntchito kayendedwe kotchedwa Atkinson cycle, kamene kamafinya ntchito yochuluka kuchokera mu petulo yemweyo. Kampani ya Toyota inalengeza kuti injini ya Prius yotuluka mu 2015 imasandutsa 40 peresenti ya mphamvu ya petulo kukhala ntchito, chiwerengero chokwera kwambiri kwa injini ya petulo. Injini yotaya kutentha kochepa imachedwanso kutentha, ndipo imakhala ndi kutentha kochepa kopatsa hita. Opanga magalimoto akhala akulimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo mbiri ya Prius, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, imaonetsa bwino zimenezi. Prius yogulitsidwa ku North America kuyambira 2004 mpaka 2009 inali ndi kathanki kosunga kutentha, kopangidwa ngati fulasiki, komwe madzi otentha a injini ankasungidwamo galimoto ikazima, n'kupopedwanso kubwerera mu injini poiliza. Mtundu wotsatira, wa 2009, unabwera ndi chipangizo chotenga kutentha kwa utsi wa ekizozi n'kukupereka ku madzi a injini. Wa 2015 unawonjezera zitseko zodzitsekera zokha kutsogolo kwa rediyeta kuti mphepo yozizira isamalowe injini isanatenthe. Akatswiri sakanavutika ndi zonsezi chikanakhala kuti kutentha si nkhani yaikulu pa kamwedwe ka mafuta.

Batire nalo limakhudzidwa ndi kuzizira, ndipo apa mnzanu woyamba uja wayandikira choonadi pang'ono, kungoti walakwitsa poganiza kuti latha. Magetsi a m'batire amachokera ku kusinthana kwa mankhwala a mkati mwake, ndipo kusinthanako kumachedwa kukazizira, moti batire limalephera kutulutsa kapena kulandira magetsi ambiri nthawi imodzi. Kompyuta imadziwa zimenezi ndipo imaliteteza pochepetsa ntchito yake. Zotsatira zake ndi ziwiri. Mota yamagetsi imathandiza pang'ono ponyamuka, ndiye injini imasenza gawo lalikulu la katundu. Ndiponso mukaponda mabuleki, mphamvu imene masiku otentha imabwerera m'batire kudzera mu mota imachepa, yotsalayo n'kutayika ngati kutentha kwa pa mabuleki wamba. Mabatire a lithium-ion ndiwo amasamalidwa kwambiri pa zimenezi, chifukwa kuwatchaja mwamphamvu ali pansi pa madigiri ziro kumaundanitsa chitsulo cha lithium mkati mwake n'kuwawononga kosabwezeka. Mabatire a nickel-metal hydride amapirira kuzizira bwinoko, n'chifukwa chake Toyota inasankha mtundu umenewu pa Prius yokoka mawilo onse anayi imene inapita ku North America mu 2019, pomwe mitundu ina ya galimoto yomweyo inali ndi lithium-ion. Chofunika kudziwa n'chakuti kufooka kumeneku n'kwakanthawi. Batire likafunda, kaya chifukwa cha ntchito yake kaya chifukwa cha mpweya wa m'kati mwa galimoto, mphamvu zake zimabwerera. Mukaona batani la EV, loyendetsera galimoto ndi magetsi okha, likukana kugwira m'mawa, musadandaule, ndi chitetezo chomwechi.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mumve, chifukwa maperesenti amatha kunamiza maso. Makilomita 22 pa lita ndi chimodzimodzi malita 4.5 pa makilomita 100, ndipo makilomita 16 pa lita ndi malita 6.25. Kuzizira kukukulandani malita 1.7 pa makilomita 100 alionse. Tiyerekeze galimoto wamba yoyenda makilomita 12 pa lita, kapena kuti malita 8.3 pa makilomita 100. Ikatsika ndi 24 peresenti pa maulendo aafupi ngati anuwo, ifika pa malita pafupifupi 11, kutanthauza kuti yawonjezera malita 2.6. Hybrid imaoneka ngati yagwa kwambiri chifukwa inayambira pamwamba, koma pa malita enieni othiridwa m'thanki ikadali patsogolo ndithu, ngakhale pakati pa nyengo yozizira.

Zina zimene kuzizira kumabweretsa n'zazing'ono, koma zikaunjikana zimaoneka. Mpweya wa madigiri ziro ndi wothinana ndi pafupifupi 9 peresenti kuposa wa madigiri 25, choncho galimoto imalimbana ndi mphepo yolemererapo, makamaka pa liwiro lalikulu. Mpweya wa m'matayala umatsika ndi pafupifupi psi imodzi (muyezo wa mpweya wa m'matayala) kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6, ndipo tayala lopanda mpweya wokwanira limakoka msewu. Msewu wonyowa kapena wa chipale chofewa umalemetsa kuyenda. Nyali zimayaka nthawi yaitali, waya wotenthetsa galasi lakumbuyo amadya magetsi, ndipo batani lochotsera nthunzi pagalasi lakutsogolo limayatsanso makina oziziritsira mpweya kuti aumitse chinyezi. M'galimoto ya hybrid yosalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, magetsi onsewa amachokera ku petulo.

Tsopano tibwere ku nkhani ya mafuta, komwe kuli chisokonezo chachikulu. Nambala ya octane, monga 91, 95 kapena 98, siyeza kuchuluka kwa mphamvu imene ili mu petulo. Imayeza kupirira kwa petulo kuti asaphulike yekha nthawi isanakwane pamene akufinyidwa mu silinda, vuto limene limamveka ngati kugogoda kwa zitsulo mu injini. Injini zofinya kwambiri ndiponso zambiri za turbo zimafuna octane yokwera, ndipo kuzimana octane imeneyo n'kuziwononga kapena kuzifooketsa. Koma injini yopangidwira petulo wamba sipeza mphamvu yowonjezera mu petulo wokwera mtengoyo, ndipo m'nyengo yozizira n'komwe ngozi ya kugogodako imakhala yochepa, popeza mpweya wolowa mu injini ndi wozizira kale. Tsegulani kachitseko ka pothirira mafuta kapena buku la galimoto yanu, muone nambala imene yalembedwapo. Musatsike pansi pa nambala imeneyo, koma kukwera pamwamba pake sikungatenthetse injini msanga, ndipo sikungaletse hita kuidzutsa pa maloboti.

Chimene chimasinthadi mtunda wa pa lita ndi kuchuluka kwa mphamvu mu lita imeneyo, ndipo apa ethanol ndiye amene tiyenera kumukambirana. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi lita ya petulo. Petulo wosakaniza ndi 10 peresenti ya ethanol, wolembedwa E10, amachepetsa mtunda ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo pa galimoto yanu zimenezi sizikwana ngakhale kilomita imodzi pa lita. E85, wokhala ndi ethanol wofika 85 peresenti, amene amathiridwa m'magalimoto opangidwira mafuta amenewa okha, amachepetsa mtunda ndi 15 mpaka 27 peresenti. Ethanol amavutanso kusanduka nthunzi kukazizira. N'chifukwa chake ku Sweden mlingo wake mu E85 umatsitsidwa kufika pa 75 peresenti m'nyengo yozizira, ndipo ku Brazil, komwe magalimoto ambiri amatha kuyendera ethanol yekhayekha, kwa zaka zambiri ankaikamo kathanki kakang'ono ka petulo kongolizira injini m'mawa wozizira. Kodi izi zikutanthauza kuti muzifunafuna petulo wopanda ethanol? Werengerani motere: ngati mtengo wake ukuposa wa E10 ndi peresenti yoposa 3, mukutaya ndalama ngakhale mtunda utawonjezeka.

M'maiko okhala ndi nyengo yozizira kwambiri, makampani oyenga mafuta amasinthanso kasakanizidwe ka petulo molingana ndi nyengo. Petulo wa m'nyengo yozizira amakhala ndi butane (mtundu wa gasi) wochuluka kuti azisanduka nthunzi mosavuta ndipo injini izilira msanga, koma butane ali ndi mphamvu yochepa pa lita, choncho petuloyo amatsika mphamvu ndi peresenti imodzi kapena ziwiri. Woyendetsa sangachitepo kanthu, chifukwa mapampu onse a m'deralo amalandira mafuta a nyengo imeneyo. Mukaphatikiza ethanol ndi kasakanizidwe ka nyengoka, mbali ya mafuta pa kutsika kwanu kwa 27 peresenti ndi yochepa kwambiri, ndipo ngati munkathira E10 ngakhale m'miyezi yotentha, ethanol sakukhudzidwa n'komwe ndi kusiyana kumene mwaonaku.

Ngakhale galimoto yanu ndi ya petulo, nditchule za dizilo chifukwa owerenga ena amaganiza zosinthira kumeneko pothawa vutoli. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu yoposa ya petulo ndi 10 mpaka 15 peresenti, ndipo injini yake imagwiritsa bwino ntchito mphamvuyo, makamaka pa maulendo ataliatali. Koma dizilo ali ndi phula losungunuka mkati mwake, lomwe kukazizira kwambiri limayamba kuundana n'kutseka sefa ya mafuta mpaka injini kuzima. Maiko ozizira amagulitsa dizilo wa nyengo yozizira wothiridwa mankhwala kapena wosakaniza ndi mafuta opepukirapo, ndipo wosakanizayo amakhala ndi mphamvu yochepa pang'ono. Injini ya dizilo imachedwanso kutentha, ndipo sefa yake yogwira mwaye wa mu utsi imafuna ulendo wautali wotentha kuti idziyeretse. Kwa munthu wa maulendo aafupi a m'tauni, dizilo wamakono angamubweretsere mavuto oposa amene akuthawawo.

Nanga mungachitepo chiyani? Choyamba, lekani kuliza galimoto n'kuisiya itaima kuti itenthe, ngati mumatero. Injini yongolira pamalo amodzi imatentha mochedwa kwambiri chifukwa sikugwira ntchito, ndipo mafuta onse a nthawi imeneyo amapita popanda kilomita ngakhale imodzi. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kunyamuka patangotha masekondi pafupifupi 30, n'kuyenda modekha, osaponda moto kwambiri, kwa mphindi zoyambirira. Madzi oundana pagalasi achotseni ndi chopalira musanalize injini, m'malo modikira kuti hita iwasungunule. M'mphindi zoyambirirazo musayatse hita mwamphamvu, chifukwa madzi akadali ozizira ndipo mukungochedwetsa injini kutentha popanda inu kufunda. Ngati galimoto yanu ili ndi mipando yotenthetsa, igwiritseni ntchito, popeza imadya magetsi ochepa kwambiri ndipo imakulolani kutsitsa hita ndi madigiri angapo. M'magalimoto ambiri a hybrid batani la ECO limachepetsanso mphamvu ya hita, ndipo injini imazima kawirikawiri. Koma pano ndikuchenjezeni ndi mtima wonse: galasi likachita nthunzi, yatsani chochotsera nthunzi nthawi yomweyo mosawerengera mafuta. Palibe lita ya petulo imene ingafanane ndi moyo wa munthu woyenda pansi amene simunamuone.

Maulendo anu aphatikizeni pomwe zingatheke. Ngati muli ndi malo atatu oti mupite, pitani ulendo umodzi, ndipo yambani ndi akutali kwambiri kuti injini ifike potentha bwino, ndiye poima malo enawo muziipeza ikadali yofunda. Kugoneka galimoto m'galaja kumathandiza injini ndi batire lomwe, ngakhale galajayo ikhale yopanda chotenthetsera. Koma musaisiye yoyaka m'galaja yotseka. Hybrid imatha kukhala chete ngati yazima pomwe ili yoyaka, kenaka injini n'kudzuka yokha, ndipo utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo koma wakupha. Onetsetsani kuti chizindikiro cha READY, choonetsa kuti galimoto ndi yoyaka, chazima musanatuluke. Kumadera kozizira koopsa kuli zotenthetsera injini zolumikiza ku magetsi a m'nyumba, ndipo amene ali ndi hybrid yotchaja pa soketi angathe kutenthetsa m'kati mwa galimoto ikadali pa waya, kuti kutenthako kuchokere ku magetsi a m'nyumba osati ku thanki kapena ku batire.

Yezani mpweya wa m'matayala m'mawa musanayende, ndipo mutsatire nambala yolembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa, osati yolembedwa pa tayala, chifukwa ya pa tayalayo ndi malire a mpweya umene tayala lingapirire. Oyilo naye akhale amene buku likunena. Magalimoto ambiri a hybrid amafuna oyilo wopyapyala monga 0W-20, ena atsopano 0W-16, ndipo nambala yoyambayo ikakhala yaing'ono ndiye kuti oyiloyo amayenda mosavuta kukazizira. Ngati pa sevisi yapitayi anakuthirirani oyilo wokhuthala monga 15W-40 poganiza kuti ndiye wolimba, ameneyo akukudyerani mafuta m'mawa uliwonse, ndiponso amachedwa kufika pa zitsulo zofunika kutetezedwa injini ikangolira. Dziwaninso kuti maulendo aafupi m'nyengo yozizira amasiya petulo ndi chinyezi mu oyilo, zomwe zimauma pokhapokha injini ikatentha mokwanira, choncho musapitirire nthawi yosinthira oyilo. Ena amatseka kutsogolo kwa rediyeta ndi katoni kuti injini itenthe msanga. Ine sindikulangizani kutero, chifukwa m'magalimoto ambiri a hybrid mphepo yolowa pamenepo imaziziritsanso inveta, chipangizo chokwera mtengo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, chimene sichipirira kutentha ngati injini.

Poyeza kamwedwe ka mafuta musadalire nambala ya pa dashibodi yokha, chifukwa kawirikawiri imakometsera pang'ono, ndipo ya ulendo umodzi waufupi siuza zambiri. Dzazani thanki mpaka pampu itaima yokha, lembani makilomita, yendani monga mwa masiku onse, kenaka dzazaninso n'kugawa makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Chitani zimenezi pa mathanki angapo otsatizana, ndipo poyerekeza muziyerekeza nyengo yozizira ya chaka chino ndi yozizira ya chaka china, osati ndi miyezi yotentha.

Sindikunena kuti kutsika kulikonse n'kwa nyengo, ndipo pali njira yosavuta yosiyanitsira. Tsiku lina masana kukafundako, yendani ulendo wa mphindi 40 kapena kuposa pa liwiro lapakati, hita ili yotsika, n'kuona nambala ya mbali yomaliza ya ulendowo. Ikabwerera kufupi ndi 22, ndipo injini ikayamba kuzima yokha mukaima, galimoto yanu ili bwino. Ikakana kubwerera, choyamba kukayikira si batire koma thermostat, kavavu kotchipa kamene kamatseka njira ya madzi opita ku rediyeta mpaka injini itatentha. Ikakanirira chotsegula, injini siifika pa kutentha kwake ngakhale muyende ola lathunthu, hita imangotulutsa mpweya wofunda pang'ono, ndipo kompyuta ya hybrid imakana kuizimitsa. Chachiwiri ndi mabuleki omata. Popeza hybrid imachepetsa liwiro ndi mota nthawi zambiri, mabuleki ake wamba amagwira ntchito pang'ono ndipo amatha kuchita dzimbiri n'kumakhuza, makamaka kumene amathira mchere m'misewu pofuna kusungunula madzi oundana. Mukaima mutayenda ulendo wautali, yandikizani dzanja pa wilo lililonse osalikhudza, ndipo limene likutulutsa kutentha kuposa anzake ndilo lili ndi vuto. Kabatire kakang'ono ka mavoti 12, komwe kamadzutsa makompyuta a galimoto, nako kamafooka kukazizira ndipo kayenera kuyezedwa.

Batire lalikulu likamatha limakhala ndi zizindikiro zake zimene sizidikira nyengo yozizira. Timizere toonetsa kudzaza kwake pa dashibodi timakwera kufika pamwamba n'kugwa mpaka pansi m'mphindi zochepa, galimoto imafooka pokwera mtunda ngakhale masana otentha, fani yoziziritsira batire imalira mokweza kawirikawiri, ndipo mapeto ake nyali yochenjeza imayaka. Musanaweruze ndi fani yokhayo, yang'anani kazenera kolowera mpweya wa batire, komwe m'magalimoto ambiri kamakhala pambali kapena pansi pa mpando wakumbuyo, muone ngati sikanatsekeke ndi fumbi, zovala kapena katundu. Zizindikirozi zikakhalapodi, pitani kwa makaniko wodziwa za hybrid amene ali ndi kompyuta yowerenga mavoti a chigawo chilichonse cha batire pamene galimoto ikugwira ntchito, ndipo mupemphe kuti akuonetseni manambalawo. Batire labwino zigawo zake zimakwera ndi kutsika limodzi, pomwe lodwala limakhala ndi chigawo chimodzi kapena ziwiri zogwa msanga kuposa zinzake mukaponda moto. Musalole kuti wina atsegule chikuto cha batireli kapena kugwira mawaya ake a mtundu wa olenji popanda maphunziro ake, chifukwa mumadutsa magetsi a mavoti oposa 200 m'magalimoto ambiri, okwanira kupha munthu.